Ndikufunafuna filimu ya pulofesa wa ndevu ndi zilombo zakale imene ndinaonera ku Kasungu ndili mwana

Bambo a Mphatso, Chinkhoma

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa sabata ziwiri tsopano, ndipo ndikudziwa kuti muno muli anthu amene munaonera mafilimu ambiri kuposa ine.

M'chaka cha 1996 ndinali Sitandade 5. Malemu bambo anga ankalima fodya, ndipo ndalama za fodya zikatuluka ankanditenga ku boma kukagula nsapato, makope ndi bulangete. Tsiku lina titamaliza zogulagula anandipatsa ndalama yachitsulo n'kundisiya pa vidiyo sho ina kuseri kwa msika, iwo n'kupita kukaonana ndi anzawo. Kanali kanyumba kotchinga ndi makatoni ndi masaka a feteleza, mabenchi a matabwa osapala, TV imodzi pa tebulo, deki ya matepi, jenereta ikulira panja. Achinyamata musadabwe, TV ya Malawi inayamba 1999, ndiye kwa ife ana a kumudzi kanema tinkamuonera m'menemo basi.

Filimu imene ndinaipeza ikuyamba tsiku limenelo sinandichoke m'mutu mpaka lero. Munali mzungu wonenepa, wa ndevu zambiri, mawu ngati bingu, akukangana ndi mzungu mnzake woonda pamaso pa anthu odzadza holo. Chizungu sindinkamva, ndipo za ma DJ omasulira zinali zisanayambe, koma mkulu wina amene anakhala benchi yakutsogolo ankatifotokozera mwaulere. Iye ndiye anatiuza kuti awiriwo ndi mapulofesa, wonenepayo akuti anaona nyama zimene dziko lonse limati zinatha kalekale, woondayo akuti ndi bodza. Kenako ulendo. Munali mtolankhani wachinyamata, mayi wojambula zithunzi, ndi kamnyamata kamsinkhu wanga kamene kanabisala m'katundu kuti katsagane nawo. Kamnyamata kameneko ndinkakachitira nsanje zedi. Anafika pa phiri loima njo ngati khoma, pamwamba pake pathyathyathya, ndipo atakwera munthu wina woipa mtima anawatsekera njira yobwerera. Pamwambapo ndi pamene panali zilombozo. Ndikukumbukanso anthu odzipaka thupi lonse ngati mafupa a munthu wakufa, ndi kamwana ka chimbalame chopanda nthenga, mapiko ngati a mleme.

Koma chimene chinandigwira mtima si zilombozo ayi. Ndi malowo. Mitengo inali ngati ya kwathu kuno, miyala ikuluikulu yosanjikizana, udzu wouma wachilimwe, ndipo anthu okhala m'midzi ya m'filimumo anali akuda ngati ife. Mafilimu onse amene ndinali nditaonerapo anali a ku China ndi a ku America, a kareti ndi mfuti. Iyi inkaoneka ngati aijambula kuseri kwa munda wathu. Pobwerera tili pamwamba pa lole, dzuwa likulowa, ndinayang'ana phiri la Kasungu n'kufunsa bambo ngati zinyama zija zilikonso pamwamba paja. Sanandiseke. Anati, "Paja pali anyani ndi mbira basi, mwanawe, koma dziko ndi lalikulu." Anamwalira mu 2003, ndipo mawu amenewo ndi ena mwa ochepa amene ndimawamvabe m'makutu monga anawayankhulira.

Tsono mwana wanga Mphatso, ali Sitandade 6, anaonera ma dinosaur pa foni ya aneba, ndipo wabwera ndi mafunso: kodi analikodi, nanga anthu ankakhala nawo limodzi, nanga anapita kuti. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga zamoto za a kabaza, za mafupa akale ndilibe nazo sukulu. Ndinaganiza zomuonetsa filimu yanga ija kuti tiyambire pamenepo. Ndinapita kwa anyamata oika mafilimu m'ma memory card, ndinawafotokozera zonsezi, iwo anandipatsa ina yotchedwa The Lost World. Nditaiyatsa ndinapeza magalimoto, mfuti zamakono, ndi chilombo chikuphwanya basi mu mzinda wa ku America. Si imeneyo.

Ndithandizeni abale. Dzina lake ndi chiyani? Kodi anaijambula kuti? Ndipo mwanayu ndimuuze zotani kuti ndisamunamize?

Mnyamata wa ma memory card, Mkanda

Akuluakulu, anzanga a ku Chinkhoma aja sanalakwitse dzina, analakwitsa chaka. Vuto lake dzina limeneli lili ndi mafilimu ambiri. Imene anakupatsaniyo ndi ya 1997 ya Steven Spielberg, yotsatira Jurassic Park ya 1993, ndipo mzinda umene T-rex akuswa basiwo ndi San Diego. Iyo inachokera ku buku la Michael Crichton la 1995, amene anangobwereka mutu wa buku lakale. Ndi imene imayenda malonda, ndiye munthu akangoti Lost World ife dzanja limathamangira pomwepo.

Yanuyo ndi The Lost World ya 1992, sindikukayika. Wa ndevu ndi John Rhys-Davies, akusewera ngati Professor Challenger. Ngati munaonerako The Lord of the Rings, ndi yemwe uja wamfupi wa nkhwangwa, Gimli. Woonda ndi David Warner ngati Professor Summerlee, mtolankhani ndi Eric McCormack, kamnyamata kobisala ndi Jim. Ndipo maso anu a ubwana sanakunamizeni, anaijambula ku Zimbabwe ndipo nkhani yonse anaiika mu Africa. Chaka chomwecho anatulutsanso yachiwiri yake, Return to the Lost World, anthu ake omwewo, m'mene anthu ofuna mafuta a pansi akuononga phiri lija.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi madala, musadzakhumudwe. Mphatso waona kale ma dinosaur a kompyuta. A mu 1992 ndi zidole za labala, nthawi zambiri amangoonetsa mutu ndi khosi zikutuluka m'masamba chifukwa thupi lonse panalibe. Ine ndinaionera chaka chatha pa laputopu, nkhani yake ndi yokoma koma zilombo zake mwana wa lero aziona msanga kuti ndi zopanga.

Ngati cholinga ndi choti mwana akhutire, pezani ya BBC ya 2001, ya magawo awiri, Challenger wake ndi Bob Hoskins. Anaijambula ku New Zealand ndipo zilombo zake anapanga ndi anthu omwe aja a pulogalamu ya pa TV ya Walking with Dinosaurs. Ya 1960 musataye nayo bandulo. M'menemo anatenga ang'azi enieni ndi tiana ta ng'ona n'kutimata nyanga ndi zipsepse kumsana, kenako n'kujambula pafupi kuti zioneke zazikulu. Pali pena pamene amazimenyanitsa zenizeni, zikulumana. Munthu wokulira kumudzi ng'azi amaidziwa, ndipo ine kuona nyama ikuzunzidwa chotero sikunandisangalatse.

Mukadzafika ku Mkanda ndili nazo zonse pa hard drive. Koma ku Kasungu boma akupezeraninso mukawauza chaka ndi dzina la wa ndevuyo.

Nabanda, mphunzitsi ku Kamwendo

Bambo a Mphatso, ndawerenga nkhani yanu kawiri. Pepani ndi za malemu bambo anu. Yankho limene anakupatsani pa lole lija linali la munthu wanzeru.

Achimwene a ku Mkanda ayankha bwino za filimu, ine ndiyankhe za buku ndi za mwana. Buku lake ndi The Lost World, analemba Arthur Conan Doyle, yemwe uja wa nkhani za Sherlock Holmes, ndipo linatuluka mu 1912. Ndinalipeza mu laibulale ndili ku koleji, chikuto chitathothoka, n'kulimaliza m'masiku atatu. M'bukumo phirilo silili mu Africa, lili ku South America, m'kati mwa nkhalango ya Amazon. Mapiri otere kumeneko alikodi. Lotchuka ndi Roraima, pamene Venezuela, Brazil ndi Guyana akumanirana malire, makoma ake oima njo, ndipo anthu a ku Ulaya analikwera koyamba mu 1884. Eni dera m'bukumo amaopa phirilo chifukwa cha mzimu wotchedwa Curupuri. Nditafika pamenepo ndinakumbuka Sapitwa ku Mulanje, ndi zonse zimene timamva za anthu opeza chakudya chokonzakonza m'phiri.

Wofotokoza nkhani ndi mtolankhani Edward Malone. Amapita ulendowo chifukwa mtsikana amene ankamufuna, Gladys, anamuuza kuti adzakwatiwa ndi mwamuna wochita zazikulu zokhazokha. Pobwerako anapeza Gladys atakwatiwa ndi kalaliki wamba. Atsikana anga a Fomu 3 ndikawafotokozera pamenepa mkangano wake sutha. M'bukumo mulibe mayi wopita nawo ulendowo, mulibenso kamnyamata kobisala. Amenewo anaonjezera ndi a filimu. M'malo mwake muli mlenje wotchuka, Lord John Roxton, amene a 1992 anamuchotsa. Apaulendowo anakwera chimwala chosongoka choyandikana ndi phirilo, n'kugwetsa mtengo kuti ukhale mlatho, ndipo atangooloka Gomez, mmodzi wa antchito awo, anaukankhira kuphompho pobwezera imfa ya mbale wake. Umboni umene anabwera nawo ku London unali chimbalame chanu chija cha mapiko a mleme, pterodactyl, chamoyo, ndipo chinathawira pa zenera la holo anthu akukuwa.

Ndiyenera kunena chimene sichindikomera m'bukuli, chifukwa mwana akadzaliwerenga adzachiona. Muli munthu wakuda mmodzi, Zambo, wantchito. Azungu atatsekeredwa pamwamba iye ndiye amatsala pansi pa phiri masabata onsewo, kuwatumizira katundu ndi kutumiza makalata awo. Popanda iye nkhaniyo sikanafika ku London. Koma wolembayo amamuyamikira monga mmene munthu amayamikirira hachi kapena galu wokhulupirika. Mulinso mtundu wa anthu-anyani umene azunguwo amathandiza kuupha pafupifupi wonse ndi mfuti, ndipo bukulo limaona ngati ndi chipambano. Linalembedwa dziko lathu lili Nyasaland, Chilembwe asanaukire mu 1915, ndipo maganizo a nthawi imeneyo ali thothotho. Sindiletsa ana kuliwerenga. Ndimangofuna aziwerenga maso ali gwa.

Tsono za Mphatso. Muuzeni molimba mtima kuti ma dinosaur analikodi, ndipo umboni wake suli ku London kokha, uli ku Karonga. M'zaka za m'ma 1920, nthawi yomwe filimu yoyamba ya bukuli inkatuluka, katswiri wa za miyala wa boma la atsamunda, Frank Dixey, anatola mafupa akuluakulu m'dera la Karonga. Mu 1928 katswiri wina, Sidney Haughton, anawapatsa dzina loti Gigantosaurus dixeyi. Patapita zaka zambiri gulu la Louis Jacobs wa ku Texas, pamodzi ndi Amalawi, linakakumbanso ku Mwakasyunguti, ndipo mu 1993 nyamayo inapatsidwa dzina latsopano, Malawisaurus. Inali ya khosi lalitali ndi mchira wautali, yodya masamba, yotalika mamita oposa 10, ndipo inakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mmodzi mwa amene anagwira ntchito imeneyi ndi mayi wa Chimalawi, Dr Elizabeth Gomani. Iwo ndi amene anatcha dzina kang'ona kakale kotchedwa Malawisuchus mu 1997, ndi dinosaur wachiwiri, Karongasaurus, mu 2005. Izi ndimaziuza atsikana anga chaka chilichonse.

Chigoba cha Malawisaurus chinaimikidwa mu nyumba ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Ndinapitako ndi ophunzira athu, makolo atasonkha ndalama teremu yathunthu. Ana aja pa basi phokoso linali losaneneka kuchokera ku Mchinji mpaka kutsetsereka Chiweta, koma atalowa m'chipindamo n'kukweza maso, zii. Mnyamata wina wovuta m'kalasi anaima pafupi ndi mwendo wakutsogolo n'kudziyeza nawo, osayankhula kanthu. Pobwerera ndi amene anandifunsa kuti munthu aphunzire chiyani kuti azikumba mafupa.

Funso loti anthu ankakhala nawo limodzi, yankho ndi ayi, ndipo apa ndi pamene buku ndi mafilimu onse amanama mwadala kuti nkhani ikome. Ma dinosaur akuluakulu anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, ndipo akatswiri ambiri amati chinayambitsa ndi chimwala chachikulu chochokera kumwamba chimene chinagwa kumene lero kuli Mexico, fumbi lake n'kuphimba dzuwa, zomera n'kufa. Anthu anabwera mochedwa kwambiri. Ku Karonga komweko, pa Uraha, mu 1991 anapeza chibwano cha munthu wakale kwambiri, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Muyerekeze 2.4 ndi 66, mwana aona yekha kutalikirana kwake. Akafunsa kuti anapita kuti, mulozereni tambala pabwalo. Mbalame zinachokera ku mtundu wina wa ma dinosaur oyenda ndi miyendo iwiri. Ayang'ane mamba a pa mwendo wa nkhuku ndi zala zake zitatu zoloza kutsogolo. Koma chimbalame cha m'filimu chija, pterodactyl, sichinali mbalame kapena dinosaur, chinali chokwawa chouluka cha banja lina.

Ine ndimaimba kwaya ku tchalitchi ndipo mafunso a Genesis ana amandifunsa. Ndimawauza zimene mafupa ndi miyala zimaonetsa, za chikhulupiriro timakambirana Lamulungu, ndipo palibe tsiku limene ndinaona kuti ndataya chimodzi mwa ziwirizi.

Agogo a ku Santhe

Mdzukulu wanga ndiye akundilembera izi pa foni yake, ine maso anafooka. Mwana wanga wa ku Chinkhoma, ndamva nkhani yako ndipo yandikumbutsa kutali.

Ine ndinakhala ku Zimbabwe zaka 22, ndinapita kukali Rhodesia, ndinkaphika m'nyumba ya azungu ku Salisbury, kenako pa hotela. Mitengo imene unaiona m'kanemayo n'kuiyesa ya kwanu, kumeneko amaitcha msasa, ndi abale a tsamba ndi mombo wa kuno. Miyala yosanjikizana ili mbwee, mpaka anaijambula pa ndalama zawo. Zaka zimenezo azungu a kanema ankabwera kawirikawiri chifukwa zinthu zinali zotchipa ndipo misewu inali yabwino. Wa ndevu ameneyu akumutchula mnyamata wa ku Mkanda anabwerakonso kale kudzapanga King Solomon's Mines ya 1985.

Koma ine ndikufuna uonere ina imene sanaitchule, yoyambirira, ya 1925. Ndinaionera pa TV ya bwana wanga usiku wina iwo atapita kuphwando. Ndi yakuda ndi yoyera, anthu sayankhula, mawu amalembedwa pa chinsalu. Poyamba ndinati ndizimitse. Koma zitatuluka zinyama zija ndinakhala pansi pa kapeti, chinthu chimene sindinkachita m'nyumba imeneyo. Chinyama cha khosi lalitali chinkapuma, mimba ikukwera ndi kutsika, chikutafuna masamba. Anachitengera ku London pa sitima, chingwe chinaduka pochitsitsa, ndipo chinayenda m'misewu anthu akuthawa balalabalala, mpaka mlatho waukulu uja, Tower Bridge, unathyoka nacho, icho n'kusambira kumapita. Ndinachimvera chisoni. Nanenso ndinali mlendo m'mzinda wa eni.

Chimene chinandiwawa ndi wantchito wakuda uja aphunzitsi amutchula. Sanali munthu wakuda, anali mzungu atamupaka zakuda kumaso, akuchita zopusa kuti anthu aseke. Ine ndili ndi yunifolomu yoyera ya ukhukhi ndikuonera zimenezo ndekha. Ukamaonera ndi mwanayo, pamenepo uime umufotokozere.

Mnyamata wa ma memory card, Mkanda

Agogo mwandiposa, imeneyo ndinaiiwala dala poganiza kuti palibe angaifune. Ili pa YouTube yaulere chifukwa ndi yakale kwambiri, fufuzani yokonzedwanso yopitirira ola limodzi ndi theka, zina ndi zoduladula. Challenger wake ndi Wallace Beery. Zinyamazo anaziyendetsa Willis O'Brien, yemwe anadzapanga King Kong mu 1933. Zinali zidole pafupifupi 50, mafupa achitsulo m'kati, kunja labala, anaumba ndi Marcel Delgado. Amasuntha chidole pang'ono, kujambula chithunzi chimodzi, kusunthanso, kujambulanso, tsiku lonse kuti apeze masekondi ochepa. Kupuma kumene agogo anaonako anaika kachikhodzodzo ka mpira m'mimba n'kumakapopa. Mu 1922 Conan Doyle anaonetsa zidutswa zoyeserera kwa akatswiri a matsenga a pa siteji ku New York, Houdini, wotchuka pakati pawo, ali pomwepo, osawauza kuti zapangidwa bwanji. Ndipo mu 1925 anaionetsa m'ndege ya Imperial Airways, anthu ali m'mwamba. Koma ndikuumirirabe, mwana wa Sitandade 6 filimu yopanda mawu agona nayo.

Bambo a Mphatso, Chinkhoma

Ndabweranso abale, pepani ndinachedwa, sabata yathayi ntchito inachuluka ndi njinga za anthu obwera ku okushoni.

Zikomo nonse. Achimwene a ku Mkanda, ya 1992 ndinaipeza ku boma Lachitatu nditangotchula chaka. Ndi yomweyo. Wa ndevu uja atangotsegula pakamwa thupi langa linachita tsembwe, fungo la jenereta ndi la mtedza wokazinga wa pa vidiyo sho ija linandibwerera. Munanena zoona za zidole, Mphatso anaziona nthawi yomweyo, anati, "Adadi, chikhosi ichi akuchigwira munthu." Sindinakhumudwe. Ine ndinkayang'ana mitengo ndi miyala ija, ndipo nditadziwa tsopano kuti ndi ku Zimbabwe ndinamva bwino kuti mwana uja wa pa lole sankalota.

Koma pa ya 1925 ndikutsutsani, agogo a ku Santhe ndiwo analondola. Tinaionera Loweruka usiku pa foni, nditaiimika pa chitini cha shuga, ine, Mphatso, mlongo wake wamng'ono, mayi awo ndi mayi anga ondibereka amene ali kuno chifukwa cha mwendo. Mawu olembedwa aja Mphatso ndiye ankawerenga n'kumatimasulira, pena ndikumuthandiza, ndiye anasanduka mkulu uja wa benchi yakutsogolo. Sanagone ngakhale pang'ono. Chinyama cha khosi lalitali chitagwa kuphompho n'kutitimira m'matope, mayi anga anati, "Ameneyu ndi napolo, asamusunthe pamalo pake." Atachitengera ku London n'kuyamba kugumula nyumba anati, "Ndinanena ine." Pa Zambo ndinaimitsa monga munandiuzira agogo. Mphatso anayang'anitsitsa nkhope ija n'kufunsa kuti bwanji sanangotenga munthu wakuda weniweni. Ndinamuuza za inu, kuti kuli agogo ena ku Santhe amene anaonera zimenezi ali okha m'nyumba ya azungu, atavala yunifolomu. Anakhala chete kanthawi, kenako anati tipitirize.

Chimene sindinachiyembekezere ndi cha Lamulungu masana. Ndinali nditamufotokozera za kusuntha chidole ndi kujambula kamodzikamodzi. Iye amaumba ng'ombe zadothi ngati mmene tinkachitira ife kudambo. Anapita kukatapa dothi la pa chulu, anatenga mawaya a mabuleki otha ku shedi kwanga n'kupinda mafupa, anamata dothi, khosi lalitali, mchira wautali. Anabwereka foni yanga, anaiimika pa njerwa, n'kujambula zithunzi 63, akusuntha khosi pang'onopang'ono, mlongo wake atagwira nthambi ya bwemba kuti chinyama chidye. Dothi likauma ankalinyowetsa ndi nthenga ya nkhuku. Tikamadutsitsa zithunzizo mofulumira ndi chala, khosi limatsikadi n'kufika pa masamba. Ana a aneba anadzadza khonde mpaka mdima. Chinyamacho wachitcha Chinkhomasaurus.

Aphunzitsi a ku Kamwendo, zonse munalemba ndinamuwerengera, ndipo dzina la Dr Gomani walilemba kuseri kwa kope lake la sayansi. Tambala wathu sakupuma, akumugwira miyendo tsiku lililonse kuwerenga mamba. Ine ku Karonga sindinafikeko, ndinalekezera pa Mzuzu. Ndayamba kuika padera K2,000 pa njinga iliyonse yaikulu imene ndakonza, ndipo mayi a Mphatso avomera kuti tipite awiri pa holide ya Ogasiti, tikagone kwa msuweni wanga ku Ekwendeni n'kulawirira m'mawa. Mundiuzeko ngati kumalo osungira mafupawo amatsegula Loweruka, komanso ngati amalola mwana kujambula ndi foni, chifukwa akufuna akaone bwinobwino mmene khosi limalumikizirana ndi mapewa. Akuti pa chake chija mutu ukumagwa.